Mlandu Suwola: Phunziro la Madzi Akumwa kwa Anthu a ku Kaporo

Mawu oyamba

Kwathu ku Kaporo, kumpoto kwa boma la Karonga, moyo wathu wonse watsamira pa madzi: mpunga wa kilombero, nsomba za m'nyanja, ng'ombe ndiponso zitsime zomwe timamwa. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti anthu odandaula za madzi oipitsidwa amapambana kukhoti pokhapokha akakhala ndi umboni woyezedwa. Ndiyerekeza mlandu wa ku America ndi zimene zidachitika kuno ku Karonga.

Mankhwala osawola

Pali gulu la mankhwala otchedwa PFAS omwe mafakitale akhala akugwiritsa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1940. Amapezeka m'mapoto osamata chakudya, m'zovala zosalowa madzi ndi m'thovu lozimitsira moto. M'mankhwalawa kaboni ndi fulorini zimagwirana kolimba kwambiri, mwakuti dzuwa ngakhale tizilombo ta m'nthaka sitingawaphwanye. Kuwiritsa madzi sikuwachotsa, ndipo akalowa m'magazi a munthu amakhalamo zaka. N'chifukwa chake ndikuwatchula kuti mankhwala osawola.

Mlandu wa ku Parkersburg

Pafupi ndi tauni ya Parkersburg, m'chigawo cha West Virginia ku America, kampani ya DuPont inkapanga Teflon pogwiritsa ntchito amodzi mwa mankhwalawa otchedwa PFOA. Mlimi wina, Wilbur Tennant, ataona ng'ombe zake zikufa zitamwa mumtsinje wodutsa pamalo otayirapo zinyalala za kampaniyo, adakasuma mu 1999 kudzera mwa loya Rob Bilott. Khoti lidalamula kampaniyo kupereka zikalata zake, ndipo zidaonetsa kuti idadziwa kalekale za kuopsa kwa PFOA.

Mu 2001 mlandu udakula n'kukhala wa anthu pafupifupi 70,000 omwe ankamwa madziwo. Chimene chimandichititsa chidwi ndi mgwirizano wa mu 2004. Mbali ziwirizi zidagwirizana kuti asayansi atatu oima paokha afufuze nkhaniyo, ndipo anthu pafupifupi 69,000 adayezedwa magazi. Pofika 2012 asayansiwo adapeza kuti PFOA ayenera kuti akukhudzana ndi matenda asanu ndi limodzi, kuphatikizapo khansa ya impso, khansa ya machende, matenda a chithokomiro ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Umboni umenewu ndiwo udachititsa kuti mu 2017 DuPont ndi Chemours zivomere kulipira madola 671 miliyoni pa milandu yoposa 3,500. Mu 2023 kampani ya 3M nayo idavomera kupereka madola 10.3 biliyoni kwa mabungwe ogawa madzi ku America.

Zimene zidachitika ku Karonga

Kuno kwathu nkhawa yaikulu yachokera ku migodi, ndipo zinyalala za yureniyamu nazonso zimakhala zoopsa kwa mibadwo yambirimbiri. Mu 2007 mabungwe omwe si aboma, kuphatikizapo Centre for Human Rights and Rehabilitation, Catholic Commission for Justice and Peace ndi Citizens for Justice, adapita kukhoti lalikulu kukatsutsa mmene kampani ya Paladin idalolezedwera kukumba yureniyamu ku Kayelekera. Mlanduwo udathera kunja kwa khoti chaka chomwecho, ndipo mwa zina kampaniyo idalonjeza kukonza madzi a m'mipopi a tauni ya Karonga.

Mgodi udayamba kutulutsa miyala mu 2009 n'kuima mu 2014. Mu 2015 kampaniyo, italoledwa ndi boma, idayamba kutayira madzi otsukidwa a pamgodi mumtsinje wa Sere, womwe umathira mu North Rukuru, kenaka m'nyanja ya Malawi. Kampani idati madziwo ndi abwino, koma anthu ambiri adali ndi mantha. Chaka chomwecho kampani ya Eland idasiya mgodi wa malasha ku Mwabulambo maenje ali pululu. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2016 lidati anthu okhala pafupi ndi migodiyi sankauzidwa zotsatira za kuyeza madzi awo.

Kusiyana kwake ndi uku: mgwirizano wa ku Parkersburg udasiyira anthu umboni, pamene wa ku Karonga udasiya mipopi. Mipopi ndi yofunika, komabe singauze woweruza ngati chitsime cha mayi wakumudzi chidasintha mgodi utabwera. Popanda muyeso wa kale ndi wa lero, wodandaula amangoti "madzi asintha kakomedwe", ndipo loya wa kampani savutika kumugonjetsa.

Mawu omaliza

Malamulo alipo. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa boma udindo wosamalira chilengedwe. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Mgodi wa Kayelekera, womwe Lotus Resources idagula mu 2020, udayambanso kutulutsa yureniyamu mu 2025, choncho nkhaniyi ndi ya lero.

Maganizo anga ndi akuti mafumu, makomiti a chitukuko ndi ophunzira ngati ife tipemphe kuti madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje aziyezedwa chaka chilichonse, zotsatira zake ziziwerengedwa pabwalo m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, ndipo zizisungidwa. Akuluakulu adati mlandu suwola. Kumene kumawola ndi kukumbukira kwa mboni, n'chifukwa chake umboni wa madzi athu uyenera kulembedwa lero, wina asanadwale.