Maluwa a pa Nsalu Tiwapeze kwa Makolo

Amayi ambiri amadziwa kusoka ndi kupeta. Koma akafuna kupeta nsalu ya patebulo, amatengera maluwa a m'buku kapena a mnzawo. Mapeto ake nsalu zonse pamsika zimafanana. Wogula amangosankha yotsika mtengo, ndipo wopeta amabwerera kunyumba wopanda phindu. Nanga maluwa osiyana ndi a ena tingawapeze kuti? Ali pafupi, m'ntchito za makolo athu.

Luso la makolo

Kale anthu ankavala chiwondo. Iyi inali nsalu ya khungwa la mtengo monga mombo, limene ankalimenya mpaka lifewe. M'chigwa cha Shire, Amang'anja ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zolimba. David Livingstone adaziona zimenezi atafika kumeneko mu 1859.

Makolo ankadziwanso kujambula. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala. Zofiira adajambula ndi Akafula, alenje akalekale, ndipo zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Zoyera adajambula ndi Achewa ndi dothi loyera. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Koma sikuti mpaka mukwere basi ya ku Dedza ayi. Taonani m'khosi mwa mtsuko wakale wa agogo. Muli timizere tokhotakhota. Taonani malukidwe a lichero, a dengu ndi a mkeka. Onsewa ndi maluwa, angosowa woika pa nsalu.

Kachitidwe kake

1. Sankhani chinthu chimodzi chakale. Chiyang'anitsitseni, muwerenge mizere yake.
2. Jambulani kachigawo kamodzi papepala ndi pensulo. Musajambule zonse.
3. Sinthani pang'ono. Mukhoza kukuza, kutembenuza kapena kuphatikiza za pamtsuko ndi za palichero. Apa ndi pamene ntchito imakhala yanuyanu.
4. Lembani pa nsalu ndi choko, kubwerezabwereza m'mphepete monse. Yezani ndi kamtengo kuti mipata ifanane.
5. Yambani mwayesa pa kansanza. Ulusi wa mitundu iwiri kapena itatu ndi wokwanira. Uviikeni m'madzi poyamba kuti muone ngati sukusuluka.

Chenjezo

Si zonse zakale zimene tingaike pa nsalu yogulitsa. Zithunzi zoyera zambiri za ku Chongoni ndi za chinamwali ndi za Nyau. Eni mwambo ali moyo, ndipo zina sazionetsa pabwalo. Musanapete chizindikiro chimene simukuchidziwa, funsani anamkungwi kapena amfumu. Akati ayi, chisiyeni. Mukapeta mwaliuma mudzapeza ndalama ya tsiku limodzi, koma mudzautsa mlandu m'mudzi.

Mukapita ku miyalayo, musakhudze zithunzi, musathirepo madzi, musalembepo dzina. Jambulani papepala lanu basi. Chithunzi chikafufutika sichibweranso.

Ena amati tsobola wakale sawawa. Komatu njere zake ndi zimene timafesa kuti tipeze watsopano. Masiku ano zidebe za pulasitiki zalanda malo a mitsuko m'makomo ambiri. Mtsuko wa agogo ukasweka tisanaujambule, maluwa ake apita nawo limodzi.

Mafunso

1. Kodi chiwondo ankapanga ndi chiyani?
2. Ndani adajambula zithunzi zofiira za ku Chongoni?
3. Chifukwa chiyani tiyenera kufunsa akuluakulu tisanapete zizindikiro zina?

Ntchito

Pezani chinthu chimodzi chakale m'mudzi mwanu. Jambulani maluwa ake m'kope lanu. Pansi pake lembani dzina la chinthucho, ndi amene adachiumba kapena kuchiluka. Mubwere nalo kope pa tsiku la phunziro lotsatira kuti mudzaonetse anzanu.