Mmene Mungayezere Ndandanda ya Ntchito Musanaikhulupirire

Ndandanda ya ntchito yomanga msewu kapena chipatala imatha kuoneka yaudongo pakompyuta pomwe tsiku lake lomalizira ndi labodza. Mapulogalamu ngati Deltek Acumen Fuse amawerenga fayilo ya Primavera P6 kapena Microsoft Project n'kukulozerani pamene pali vuto. Ambiri amatsatira mfundo 14 zimene bungwe la DCMA la ku America linakhazikitsa mu 2005. Poyeza, tsatirani izi:

1. Yambani ndi masiku. Onetsetsani kuti tsiku la lipoti ndi lolondola. Pasapezeke ntchito yolembedwa kuti yatha pa tsiku lomwe silinafike, kapena yomwe sinayambe koma idakali pa sabata yatha.

2. Onani kulumikizana kwa ntchito. Iliyonse ikhale ndi ina yoitsogolera ndi ina yoitsatira, ndipo zosalumikizidwa zisapitirire 5 peresenti. Ngati kuthira konkire sikunalumikizidwe ku kukumba maziko, okumba akhoza kuchedwa mwezi wathunthu koma pulogalamu osasuntha tsiku lomaliza.

3. Fufuzani masiku okhomeredwa. Wolemba ndandanda akakakamiza kuti denga lithe pa tsiku lakutilakuti, kuchedwa kumabisika. Yang'ananinso float, masiku amene ntchito ingachedwe popanda kukankha mapeto. Akapitirira 44 ogwira ntchito, kawirikawiri pali ulalo womwe waiwalika. Akatsika pansi pa ziro, tsiku lomwe munalonjeza silingatheke.

4. Yesani critical path, mndandanda wa ntchito umene umalamula tsiku lomaliza. Pa kope la fayiloyo, onjezani masiku 600 pa ntchito imodzi ya mumndandandawu. Mapeto asunthe ndi masiku ofanana. Akapanda kutero, mndandandawo waduka penapake.

5. Werengani zomwe zachitika. Gawani chiwerengero cha ntchito zomwe zatha ndi cha zomwe zimayenera kutha pofika lero. Yankho likachepera 0.95, ndiye kuti mukutsalira.

6. Mukakonza zonsezi, yesani ziopsezo. Mu Safran Risk kapena Primavera Risk Analysis, ntchito iliyonse ipatseni nthawi zitatu: zikayenda bwino, mwa nthawi zonse, ndi zikavuta. Lowetsanimo mvula, kuchedwa kwa simenti ndi kwa malipiro. Pulogalamuyo imabwereza ndandanda kambirimbiri mwa njira ya Monte Carlo, n'kupereka masiku ngati P80, tsiku lomwe mwayi wotsiriza uli 80 peresenti. Musalumphire pa gawoli ndandanda ili yoduka, chifukwa mudzapeza manambala okongola opanda tanthauzo.

Dziwani kuti pulogalamu ikaika chizindikiro chofiira sindiye kuti palakwika ndithu. Mwachitsanzo, mpata wodikira kuti konkire iume uli ndi chifukwa chomveka. Tengani zofiirazo mukakhale pansi ndi injiniya ndi kapitawo, mufunse chimodzichimodzi, ndipo muzibwereza kuyezaku mwezi uliwonse musanatumize lipoti kwa eni ntchito.