Mafunso a Omvera: Kodi Mafuta Ophikira Angayendetse Chigayo cha Dizilo?

Funso: Mwini chigayo wina wa ku Biriwiri, m'boma la Ntcheu, akufunsa ngati angathire mafuta a mpendadzuwa m'injini yake dizilo akasowa, popeza anamva kuti biodiesel amachokera ku mbewu.

Yankho: Zimene bambowa anamva n'zoona, chifukwa biodiesel amapangidwadi kuchokera ku mafuta a mpendadzuwa, soya, mtedza kapena nsatsimanga, ngakhalenso ku mafuta otha ntchito a pa chiwaya, koma mafuta ongofinyidwa ku mbewu sanakhalebe biodiesel. Mafuta ophikira ndi okhuthala pafupifupi kakhumi kuposa dizilo, pamene injini imafuna mafuta opyapyala oti ikawapopera kudzera m'timabowo ting'onoting'ono asanduke nkhungu yopsa msanga. Mafuta okhuthala sapsa onse, ndipo otsalawo amasiya mwaye pa timabowoto ndi pa mphete za pisitoni, ena n'kutsikira mu oyilo wa injini ndi kumuwononga. Choopsa n'chakuti chigayo chimaliradi bwinobwino masiku oyamba, mwini wake n'kuyesa kuti wapeza njira, pamene kuwonongeka kukuchitika mwakachetechete, ndipo kuzizira kwa Biriwiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumangowonjezera kukhuthalako. N'zoonanso kuti injini ya mtundu umene anayambitsa Rudolf Diesel inayendera mafuta a mtedza pa chionetsero cha ku Paris mu 1900, koma mainjini a masiku ano anapangidwira dizilo.

Funso: Achinyamata ena a m'dera lomweli akufuna kudziwa kapangidwe ka biodiesel, komanso ngati kachasu angagwire ntchitoyi.

Yankho: Mafuta a mbewu amawasefa, n'kuwatenthetsa kufika pafupifupi madigiri 60, kenaka amawasakaniza ndi methanol, amene ndi mtundu wa spiriti wogwiritsidwa ntchito m'mafakitale, pamodzi ndi soda waukali wopangira sopo, yemwe amafulumizitsa kusinthako. Zikadikha, pansi pamakhala glycerine, chinthu chonanda chimene chinali mbali ya mafutawo, chokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo pamwamba pamayandama biodiesel, amene amatsukidwa ndi madzi ndi kuumitsidwa asanalowe m'thanki. Kachasu sangalowe m'malo mwa methanol chifukwa ali ndi madzi ambiri, ndipo madzi akakumana ndi soda m'mafuta chimene chimatuluka ndi sopo. Methanol nayenso si chinthu chosungira m'nyumba muli ana: munthu akamwa pang'ono chabe angathe kuchita khungu kapena kufa, ndipo mpweya wake umayaka msanga. M'mayiko ambiri biodiesel amasakanizidwa ndi dizilo wamba, kotero kuti dzina lakuti B5 limatanthauza magawo 5 pa 100 alionse, B20 magawo 20. Woyamba kumugwiritsa ntchito ayembekezere kusintha sefa ya mafuta msanga, pakuti biodiesel amasungunula litsiro lakale la m'thanki, komanso amafewetsa mapaipi a labala a m'mainjini akale.

Funso: Mayi wina wolima mbatatesi ndi kabichi akufunsa ngati kubzala nsatsimanga kungawapindulire.

Yankho: Nkhaniyi si yachilendo m'Malawi muno. Kampani ya Bio Energy Resources Limited, imene inakhazikitsidwa mu 2006, inalimbikitsa alimi ang'onoang'ono kubzala nsatsimanga m'malire a minda, ndi cholinga chofinya mafuta ake ku Lilongwe ndi kuwasakaniza pang'ono ndi dizilo. Ku Mozambique, makampani anatsegula minda ikuluikulu ya mtengowu m'zaka zomwezo, koma yambiri inasiyidwa zitaoneka kuti nsatsimanga, ngakhale imapirira chilala, sibereka mokwanira panthaka yoguga. Ethanol, amene amasakanizidwa ndi petulo, wakhala akupangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 chifukwa zotsalira za nzimbe zimapezeka zambiri pamalo amodzi, pamene njere za nsatsimanga zimafunika kutoleredwa mudzi ndi mudzi, thumba limodzi pano lina uko. Choncho mayiwa asapereke munda wa mbatatesi, umene msika wake uli pafupi ku Lizulu ndi ku Tsangano, kwa mbewu imene wogula ndi mtengo wake sizinadziwike. Mpanda wa nsatsimanga ndi wokwanira, bola ana achenjezedwe kuti njere zake ndi zapoizoni. Aliyense wofuna kugulitsa mafuta oyendetsera mainjini ayambe wafika ku bungwe loyang'anira za mafuta la MERA kukapeza chiphaso.