Phunziro la Kusita Malaya

Aliyense wokhala m'tsinde mwa Phiri la Dedza adziwa kuti kuchapa sikuvuta, chovuta ndicho kuumitsa. Phirili litalika mamita pafupifupi 2,200, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu itsika ndi mphepo yozizira, malaya ochapidwa Lachisanu angathe kufika Loweruka madzulo akali achinyezi. Mvula ya m'dzinja nayo ichita chimodzimodzi. Tsono mphunzitsi amene ayenera kuima pamaso pa mpingo Lamulungu m'mawa ayamba kuda nkhawa. Ndipo ena, pofuna kufulumira, ayanika malaya pansi m'khonde, nawavala osasita. Ambiri ayesa kuti choipa chake ndi makwinya okha. Si tero ayi.

Kuli ntchentche ina yofiirira, yokulirapo kupambana ya m'nyumba, imene akatswiri aitcha Cordylobia anthropophaga, ndipo ichuluka nyengo ya mvula. Iyo siikira mazira pathupi pa munthu. Iikira pa mchenga wa pamthunzi pamene panagwa mkodzo, ndiponso pa nsalu zachinyezi, mazira 100 kufikira 300. Asanathe masiku 3 mazirawo aswa timphutsi tating'ono, timene tingathe kudikira sabata yathunthu osadya kanthu. Munthu akavala nsaluyo timphutsi tilowa m'khungu, ndipo pabuka chotupa chonga chithupsa, chokhala ndi kabowo kamene mphutsi ipumira. Ikhala m'menemo masiku 8 kufikira 12. Makanda ndiwo asauka nazo koposa, chifukwa matewera awo achapidwa tsiku ndi tsiku ndipo sauma msanga.

Mphutsi ikalowa kale, pa kabowo pamatidwe Vaseline. Iyo isowa mpweya, nitulutsa mutu, ndipo ifinyidwa pang'onopang'ono. Kuboola ndi singano nkoipa, pakuti mphutsi ikaphulikira m'kati bala linyeka. Chotupa chikakhala pafupi ndi diso, kapena mwana akatentha thupi, apite naye kuchipatala. Koma simbi yotentha ipha mazira ndi timphutsi tomwe zisanafike pakhungu; chifukwa chake zovala ziyanikidwe pa chingwe, padzuwa, ndipo zisitidwe mkati ndi kunja komwe, makamaka m'misoko. Nsalu za pa guwa ndi matewera a mwana, lamulo lake ndi limodzi.

Kunena za makwinya, chinyezi cha ku Dedza chingathe kukhala bwenzi. Ulusi wa thonje ufewa ukalandira kutentha pamodzi ndi madzi, ndipo pozizira uuma m'mene simbi yausiyira. Ndicho chifukwa malaya ouma gwa savomera simbi kufikira atawazidwa madzi, pamene malaya achinyezi pang'ono asalala msanga.

Simbi ya magetsi, imene Henry Seely analembetsa ku New York m'chaka cha 1882, siinathe kuchotsa simbi ya makala m'midzi. Ngakhale pa boma, magetsi akazima, iyo ndiyo ipulumutsa. Koma ifuna ulemu. Makala ayake bwino asanaikidwemo, kuti utsi usadetse nsalu. Phulusa liuziridwe panja. Chotsekera chiyang'anidwe kawiri, pakuti kachikala kamodzi kokha kaboola malaya amene munthu anagulira thumba la mbatata. Wosita ayambe wayesa simbi pa chiguduli, ndipo asitire pa bulangeti lopinda, loyalidwapo nsalu yoyera.

Poyamba ndi kolala, kumbuyo kwake kenaka kumaso, simbi ikuchokera kunsonga kulowa pakati. Pambuyo pake mapewa ndi mikono, kenaka msana, ndipo potsiriza chifuwa, chimene anthu adzapenya. Simbi izungulire mabatani, isakwere pa iwo. Wofuna kolala yolimba aviike m'madzi owiritsa pamodzi ndi ufa wachinangwa wosefa pang'ono.

Malaya a pa kaunjika ambiri ali ndi kansalu kolembedwa chithunzi cha simbi. Kadontho kamodzi katanthauza moto wochepa, madigiri 110; tiwiri 150; titatu 200, ndiwo moto wa thonje. Nsalu ya polyester isungunuka ndi moto wa thonje, tsono iyambe kapena kutsiriza pamene simbi ili yofunda chabe. Jekete la ubweya lisaviikidwe m'madzi, chifukwa lifota. Ochapa a m'mizinda monga Lilongwe alitsuka ndi mankhwala opanda madzi. Kumudzi likwanira kulipukuta ndi burashi, kuyalapo kansalu konyowa ndi kusindikiza simbi pamwamba pake, osaikhwekhwereza, kuopa kuti linganyezimire.

Malaya akasitidwa asavalidwe kapena kupindidwa akali otentha. Apachikidwe pa hang'ala, batani la pakhosi litamangidwa, kutali ndi khoma lachinyezi ndi utsi wa kukhitchini, kufikira atazizira.