Zitosi za Abakha M'munda ndi Madzi a Pachitsime

Zitosi za abakha ndi manyowa amphamvu chifukwa zili ndi mchere wa nayitrojeni, umene umabiriwitsa chimanga, mpiru ndi mpunga. Ku Machinga ndi ku Balaka, makamaka m'mphepete mwa Shire ndi m'madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta, mabanja amaweta abakha pakhomo, ndipo mmene feteleza wakwerera mtengomu n'kwanzeru kusataya zitosi zawo. Chofunika kusamala ndi kumene mcherewu umapita ukalowa m'nthaka.

Tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi timasandutsa nayitrojeni wa m'zitosi kukhala nayitireti. Mbewu zimayamwa nayitireti mosavuta, koma iyeyu sakakamira ku dothi. Amasungunuka ngati mchere m'ndiwo, ndipo madzi akamalowa pansi amamutenga. Mvula yoyamba ya mu Novembala kapena Disembala imapeza chimanga chisanazike mizu, choncho mchere wambiri umatsika osayamwidwa, makamaka m'dothi lamchenga. Mulu wa zitosi wosiyidwa pamtetete umadziulula wokha: mvula ikakata, pansi pake pamatuluka madzi akuda oyenderera cha kumunsi. Mphamvu ya manyowa ndi imene ikuthawayo. M'madimba ndi m'madambo, momwe madzi ali pafupi, sitenga nthawi kufika m'chitsime chokumba pamanja.

Madzi okhala ndi nayitireti wambiri amaoneka oyera, alibe fungo, ndipo amakoma bwinobwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamiligiramu 50 a nayitireti pa lita imodzi ya madzi akumwa, pofuna kuteteza makanda. Khanda losakwana miyezi 6 likamwa madzi otere, kapena mkaka wam'chitini wosungunula ndi madziwo, magazi ake amalephera kunyamula bwino mpweya wa okosijeni. Milomo, m'kamwa ndi zikhadabo zimathimbirira mobiriwira, mwanayo amafooka ndi kupuma mobanika. Dokotala Hunter Comly anafotokoza matendawa mu 1945 ku Iowa, m'dziko la America, pa makanda omwetsedwa madzi a m'zitsime za kumafamu.

Apa m'pamene makolo ambiri angasokere: kuwiritsa madzi sikuchotsa nayitireti. Nthunzi ikamatuluka, mcherewo umatsala m'madzi ochepa n'kuchulukirapo. Klorini nayenso sauchotsa. Kuwiritsa ndi kuthira klorini n'kofunikabe, chifukwa zitosi zimakhala ndi tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, koma nayitireti amapewedwa asanalowe m'chitsime. Chitetezo chachikulu cha khanda ndi kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, popanda madzi ngakhale phala.

Vuto la nayitireti m'madzi lavutitsa mayiko oweta ziweto zochuluka monga Netherlands ndi Denmark. Mu 1991 mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo loti m'madera omwe madzi ali pachiopsezo, manyowa a ziweto asapitirire makilogalamu 170 a nayitrojeni pa hekitala pachaka. Khola la pakhomo silingafike pa mlingo wa mafamu a m'mayiko amenewo, koma mulu waung'ono womwewo ukhoza kuwononga chitsime ngati uli pafupi nacho. Mchere wokokolokera mumtsinje umanenepetsanso namasupuni ndi zomera zina zimene zimaunjikana pa Kamuzu Barrage ku Liwonde.

Khola la abakha ndi mulu wa manyowa ziyenera kukhala kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, pamtunda wosachepera mamita 30, monga zimakhalira ndi chimbudzi. Zitosi za abakha n'zamadzimadzi, choncho zimafuna kusakaniza ndi udzu wouma, mapesi kapena mankhusu a mpunga, kenako kuphimba kuti ziwolerane osavumbwa. Manyowa akapsa athiridwe paphando n'kukwirira, osati kumwaza munda wonse kumwamba kutada. Abakha akhale ndi posambira pawo, kutali ndi thamanda la pamjigo.

Chokhacho chosonyeza kuchuluka kwa nayitireti ndi kuyezetsa madzi, ndipo mlangizi wa zaumoyo angaunikire banja njira yake. Khanda losintha maonekedwe a milomo lithamangitsidwe kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, kapena ku chipatala chachikulu cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo adokotala auzidwe kumene banja limatunga madzi.