Anasankha Mtsogoleri, Makiyi Ali ndi Wina

M'mwezi wa May chaka cha 2021, anthu pakati pa 20 ndi 30 amene ankayendetsa freenode mongodzipereka anatula pansi maudindo awo m'masiku ochepa chabe. Ena mwa iwo anali atagwira ntchitoyo zaka zoposa 10 osalandira malipiro. Sanachoke chifukwa chotopa kapena kukangana okhaokha. Anachoka atazindikira kuti mtsogoleri amene iwo anamusankha analibe mphamvu iliyonse pa chinthu chimene onse ankachiyesa chawo. Nkhani yawo iyenera kumveka kwa aliyense amene ali mu kalabu ya makompyuta, kaya ndi ya pa koleji, ya pa tchalitchi kapena ya achinyamata a m'dera, makamaka ngati chisankho cha komiti chayandikira.

Kwa amene sanamvepo dzinali, freenode anali malo a pa intaneti ochezerapo polemberana, ogwiritsa ntchito njira yakale yotchedwa IRC imene inayambira ku Finland mu 1988. Kumeneko n'kumene kunkakumana anthu opanga mapulogalamu aulere, monga a Ubuntu, a Gentoo ndi a Python, komanso olemba Wikipedia. Munthu kompyuta ikamuvuta pakati pa usiku ankalowa n'kufunsa, ndipo wina amene sanaonanepo naye, ali kudziko lina, ankamuthandiza osamulipiritsa. Pofika 2013 malowa ankakhala ndi anthu pafupifupi 80,000 m'zipinda zochezeramo pafupifupi 40,000. Komatu chiyambi chake chinali chochepa: anthu owerengeka othandizana pa Linux m'zaka za m'ma 1990, motsogozedwa ndi Rob Levin wa ku America. Dzina loti freenode linabwera mu 2002.

Levin anamwalira mu September 2006, galimoto itamugunda ali pa njinga mumzinda wa Houston. Utsogoleri unapita kwa Christel Dahlskjaer. Makina akuluakulu osungirapo zonse, amene timawatcha maseva, ankaperekedwa ndi makampani ndi mabungwe akufuna kwabwino, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku inkagwiridwa ndi ongodzipereka aja. Bungwe lolembetsedwa limene Levin anakhazikitsa kuti liziimira gululo, Peer-Directed Projects Center, linathetsedwa mu 2013. Zinthu zinapitirira kuyenda bwinobwino, ndipo poti zinkayenda bwino, funso loti kodi pa pepala mwini wake ndani silinasowetse anthu tulo.

Mu 2017 Dahlskjaer analembetsa kampani ku Britain yotchedwa freenode Limited, n'kuipereka kwa Andrew Lee, wamalonda amene anayambitsa nawo kampani ya Private Internet Access, yomwe inkathandiza freenode ndi ndalama. Ongodzipereka aja amanena kuti anauzidwa kuti kampaniyo ndi yongoyendetsera msonkhano wapachaka umene unkachitikira ku Bristol, ndipo sidzalowerera pa ntchito yawo. Amanenanso kuti zimene zinali m'pangano la kugulitsako sanazione. Anakhulupirira mnzawo amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, monga mmene ambirife tikanachitira. Panapita zaka zinayi kuli zii.

Mu February 2021 chizindikiro cha Shells, kampani ina imene Lee anayambitsa nawo, chinaikidwa pa webusaiti ya freenode. Anthu anafunsa kuti zatheka bwanji, mkangano unabuka, ndipo posakhalitsa Dahlskjaer anatula pansi udindo. Apa ongodziperekawo anachita zimene gulu lililonse ladongosolo limachita: anakumana, anavota, n'kusankha mmodzi mwa iwo, Tom Wesley, kukhala mtsogoleri. Analengeza za kusinthako pa webusaiti yawo. Iwo akuti mu April chilengezocho chinachotsedwa molamulidwa ndi Lee, kenaka nkhani inafika kwa maloya. Lee nayenso anali ndi mbali yake. Ananena kuti iye ndiye mwini wake mwalamulo, kuti wakhala akuthandiza gululo ndi ndalama zake, ndiponso kuti iye ndi amene anatsekeredwa kunja kwa akaunti yoyendetsera dzina la pa intaneti.

Sindikufuna kuweruza kuti wolungama anali ndani. Chimene mbali zonse sizingatsutse n'chakuti voti itakumana ndi pepala, pepala linapambana. Dzina la pa intaneti, limene akatswiri amati domeni, ndi lomwe limalozera kompyuta ya munthu ku seva yoyenera akalemba adiresi. Amene waligwira akhoza kulilozetsa ku makina ena alionse, ndipo anthu masauzande adzafikira komweko osadziwa kuti zinthu zasintha. Ongodzipereka anali ndi luso, anali ndi chikhulupiriro cha anthu, analinso ndi mtsogoleri wosankhidwa bwino. Koma pa pepala dzinalo silinali lawo. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Pa 19 May 2021 iwo anatsegula malo atsopano otchedwa Libera Chat. Magulu akuluakulu monga Ubuntu, Gentoo, Arch Linux ndi Wikimedia anasamukira kumeneko. Patangopita sabata imodzi, oyendetsa freenode atsopano analanda zipinda pafupifupi 700 zimene zinkauza anthu kuti tasamuka, ndipo mu June anayambiranso ndi makina atsopano, mayina amene anthu analembetsa zaka zonsezo osawatenga. Wina anganene kuti nkhaniyi inatha bwino poti anthu anapeza kolowera. Inde anapeza, koma anataya dzina limene analimanga zaka pafupifupi 20, ndipo malangizo onse olembedwa ouza ophunzira atsopano kokapeza thandizo anafunika kulembedwanso. Amene ankalowa mwa apo ndi apo anabwerera n'kupeza chipinda chopanda anthu. Zonsezi zinachitikira anthu odziwa makompyuta kuposa ambirife.

Tsopano taganizirani mmene chisankho cha kalabu yanu chimayendera. Anthu amafika mochedwa, nkhani zina n'kudya nthawi, ndipo chisankho chimabwera kumapeto aliyense akuganiza za minibasi. Wina amatchula dzina la mnyamata amene amadziwa kukonza malaputopu a onse, manja n'kukwera, ndiye wapampando ameneyo. Mlembi amakhala amene wabwera ndi cholembera. Pa msungichuma pamakhala kukankhirana mpaka mmodzi wamanyazi avomere. Anthu amaomba m'manja, amajambulitsa chithunzi, n'kubalalika akukhulupirira kuti utsogoleri wasintha.

Koma funsani kuti zinthu za kalabuyo zili kuti. Gulu la WhatsApp analitsegula ndi amene anayambitsa kalabu zaka zapitazo, ndipo malamulo a WhatsApp salola ma adimini ena kuchotsa munthu amene analitsegula. Amakhalabe adimini mpaka atatuluka yekha, pomwe iyeyo akhoza kuchotsa wina aliyense. Tsamba la Facebook lili pansi pa akaunti ya mtsikana amene anamaliza maphunziro n'kupita kukagwira ntchito ku Johannesburg. Imelo ya kalabu ili ndi pasiwedi imene amaidziwa munthu mmodzi, ndipo ikaiwalika nambala yotsimikizira imapita ku foni yake. Zopereka za mwezi ndi mwezi zimatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma wakale, pa simu khadi yolembetsedwa ndi chiphaso chake cha unzika, kotero kuti kwa kampani ya foniyo ndalamazo ndi zake. Ngati muli ndi webusaiti, domeni yake imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo uthenga wokumbutsa umapita kwa amene anailembetsa. Akapanda kulipira, pakapita nthawi munthu wina aliyense padziko akhoza kuigula. Nanga pulojekita ija ndi malaputopu amene munapatsidwa, kalata yake inalembedwa m'dzina la ndani? Komiti yatsopano ikhoza kukhala chaka chonse ili ndi maudindo okhaokha, ikupempha chilolezo kwa anthu amene palibe anawavotera.

Kawirikawiri zimenezi sizimayamba ndi mtima woipa, ndipo n'chifukwa chake zimavuta kuziona. Kalabu ikamayamba palibe bungwe lolembetsedwa, ndiye wina amayenera kugwiritsa ntchito dzina lake, nambala yake, nthawi zina ndi ndalama zake zomwe. Amene amatero ndi amene ali wakhama kuposa onse. Ndi amene amanyamula mipando, amagula bandulo, amatsala akusesa anzake atapita. Zinthu zonse zimathera m'manja mwake chifukwa cha kudzipereka kwake, ndipo ife timayamikira kuti watipeputsira ntchito. Vuto limadzaoneka iye akadwala, akasamutsidwa, akakhumudwa, kapena akangotopa n'kusiya kuyankha foni.

Zoterezi zinachitikira gulu la CentOS, lopanga mtundu waulere wa Linux umene makampani ambiri ankaudalira pa maseva awo. Mmodzi mwa oyambitsa, Lance Davis, anasiya kuoneka pa ntchito, koma domeni ya centos.org ndi akaunti ya PayPal yolandirira zopereka zinali m'dzina lake. Anzake anayesa kumupeza koma osatheka, mpaka pa 30 July 2009 anaika kalata poyera pa webusaiti yawo yomupempha kuti aonekere. Mwamwayi anaonekera patapita masiku ochepa n'kupereka domeniyo. Koma taonani pamene zinafika: gulu lodalirika padziko lonse kuitana mnzawo pamaso pa anthu onse, tsogolo lawo likudalira ngati munthu mmodzi angayankhe.

Chimene chimatimanga ife makamaka ndi ulemu. Kuimirira pa msonkhano n'kunena kuti, "Achimwene, pasiwedi ija tipatseniko," kapena, "Achemwali, ndalama zichoke pa nambala yanu," kumamveka ngati ukumuyesa mnzako wakuba. Ngati ndi amene anayambitsa kalabu, kapena ndi wamkulu kwa ife, pakamwa pamalemera kwambiri. Timati tidzafunsa zinthu zikadzavuta. Komatu zinthu zikavuta m'pamene funsolo limasanduka chitonzo chenicheni, ndipo munthu amene akuona kuti akunyozedwa amaumirira chimene wagwira. Nthawi yokha imene funsoli silipweteka munthu ndi pamene onse akugwirizana, likakhala lamulo logwira aliyense mofanana, lolembedwa asanadziwike amene apambane. Ndiye chifukwa chake malo ake ndi tsiku la chisankho, manja asanakwere.

A Libera Chat anaphunzirapo. Asanaitane anthu analembetsa kaye gulu lawo ku Sweden ngati bungwe losapanga phindu, lokhala ndi malamulo olembedwa amene aliyense angathe kuwawerenga, ndipo mamembala ake ndi amene amasankha komiti. Katundu ndi wa bungwelo, kotero wapampando akasintha dzina silipita naye. Kalabu ya anthu 30 siyenera kufika pa zonsezo tsiku limodzi, ngakhale kuti ku Malawi njira yolembetsera ilipo kudzera mu lamulo la Trustees Incorporation Act, ndipo ndi yoyenera kuiganizira mukayamba kulandira zida kapena ndalama zochokera kunja kwa gulu. Zoyambira n'zosavuta. Komiti yotuluka ibwere ndi pepala limodzi lolembapo chilichonse chimene kalabu ili nacho, chogwirika ndi cha pa intaneti chomwe, ndi dzina la amene akuchisunga. Pepalalo liwerengedwe mokweza. Chilichonse chikhale ndi anthu osachepera awiri otha kuchitsegula, ndipo ndalama zikhale ku akaunti ya gulu yosainira anthu awiri kapena atatu. Mabanki nthawi zambiri amafuna malamulo a gulu ndi maminitsi a msonkhano umene unasankha osainirawo, zimene zimakukakamizani kulemba zinthu zimene munayenera kulemba kale.

Pa za amene mukumusankha, ndikupempha chinthu chimodzi. Musamapereke mpando kwa munthu chifukwa choti ndiye katswiri wa makompyuta. Lusolo kalabu ikulifuna, ndipo iye adzalipereka ngakhale alibe udindo. Wapampando wabwino ndi amene amaitanitsa msonkhano pa nthawi yake, amene amalola kufunsidwa osakwiya, amene amasangalala wina akaphunzira ntchito imene iye yekha ankaidziwa. Mufunseni aliyense wopikisana, pamaso pa onse, ngati akuvomera kupereka makiyi onse tsiku limene nthawi yake idzathe, ndipo yankho lake lilowe m'maminitsi. Nthawiyonso ikhale yodziwika, chaka chimodzi kapena ziwiri. Zimenezi zimateteza ngakhale iye mwini, chifukwa wongodzipereka amene sadziwa tsiku lodzapuma ndi amene mapeto ake amangosowa osatsanzika. Ndipo amene akutuluka athokozedwe moonekera, atchulidwe zimene anachita. Munthu amene wayamikiridwa savutika kupereka chimene anasunga.

Chisankho chanu chikadzafika, musalole kuti msonkhano utsekedwe ndi kuomba m'manja. Wina atulutse laputopu pa tebulo pomwepo, akale ndi atsopano akhale pamodzi, asinthe mapasiwedi, aonjezere ma adimini, asinthe nambala yotsimikizira, awerenge ndalama ndi zida mamembala akuona. Zidzatenga mwina ola limodzi, ndipo ena adzadandaula kuti kwada. Auzeni adikire, ndipo ngati palibe amene akufuna kuyambitsa nkhaniyi, imirirani inuyo muyiyambitse.