TSACE NDI NG'ANJO: PHUNZIRO LA KHAMA

Caka cikamayamba, ambiri a ife timalonjeza zazikuru mumtima. Wina ati caka cino ndiphunzira kuwerenga, wina ati ndimanga nyumba ya njerwa, wina ati ndisiya ngongole. Koma pofika mwezi wa masika, malonjezo aja aiwalika. Cifukwa cace n'ciani? Tiyeni tiphunzire kwa munthu mmodzi amene anayamba ndi manja okha, dzina lace Booker T. Washington.

1. Cizolowezi ciphunziridwa pa zazing'ono

Washington anabadwa kapolo m'caka ca 1856, ku Virginia m'dziko la Amereka. Ukapolo utatha mu 1865, banja lace linasamukira ku mudzi wa Malden, kumene mnyamatayo anagwira nchito yolongedza mcere, ndipo pambuyo pace analowa m'mgodi wa malasha. Kenaka analembedwa nchito ya m'nyumba kwa mai wina, Viola Ruffner. Mai ameneyu anali wobvuta, kotero kuti anyamata ena anali kuthawa atangokhala masabata awiri kapena atatu. Anafuna kuti cinthu ciri conse cikhale pa malo pace, nchito icitike pa nthawi yace, ndipo wanchito anene zoona. Washington nayenso anathawapo, koma anabwerera. Anakhala caka ndi miyezi, kufikira manja ace anazolowera kusesa bwino ngakhale popanda womuyang'anira.

Onani, abale, kuti cizolowezi ciri ngati njira ya kumadzi. Palibe anailambula tsiku limodzi. Mapazi a tsiku ndi tsiku ndiwo anaipanga. Ikapangika, munthu ayendamo ngakhale usiku osasokera. Momwemonso cinthu cimene ticita kawirikawiri, pa nthawi imodzimodzi, cileka kulemera, ndipo thupi licicita lokha. Lamuloli ligwira pa zabwino ndi pa zoipa pomwe. Waulesi nayenso anacita kuphunzira ulesi wace, mmawa uli wonse pamene anati ndidzapalira mawa.

2. Cizolowezi citsegula khomo

Mu 1872 Washington ananyamuka kupita ku sukulu ya anthu akuda ku Hampton, mtunda wa mamailosi ngati 500. Ndarama zinamthera panjira. Mu mzinda wa Richmond anagona pansi pa matabwa a m'mbali mwa mseu, usana natsitsa citsulo m'combo kuti apeze cakudya. Anafika ku Hampton ali ndi masenti 50 okha, zobvala zace ziri zakuda ndi litsiro.

Mphunzitsi wamkuru, Mary Mackie, atamuona anakayika kumlandira. Patapita nthawi anampatsa tsace kuti asese cipinda cophunziriramo. Mnyamatayo anasesa katatu, napukuta mipando, magome ndi zipupa kanai. Mphunzitsiyo anadza ndi kansaru koyera, napukuta m'ngondya zonse, koma sanapeze pfumbi. Pomwepo anamlandira, nampatsanso nchito yosamala zipinda, imene inamlipirira cakudya cace kufikira anatsiriza maphunziro mu 1875.

Taganizani. Tsiku limene lija sakadatha kuphunzira kusesa, pakuti nthawi inali itapita. Cimene cinampulumutsa ndico cimene anazolowera kale m'nyumba ya mai wobvuta uja. Akuru anati kuongola mtengo mpoyamba. Inu makolo, mukalola mwana kusiya mzere wa cimanga pakati, kapena kujomba kusukulu cifukwa ca kamvula kowaza, musati n'zazing'ono. Mukumphunzitsa kusiya, ndipo adzasiyanso zazikuru atakula.

3. Khama liyesedwa pa kulephera

Mu 1881 Washington anatumidwa kukayamba sukulu ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama. Boma linapereka madola 2,000 pa caka olipira aphunzitsi, koma munda kapena nyumba panalibe. Anayamba ndi ophunzira 30 m'kanyumba kodontha, mwakuti mvula ikagwa wophunzira wina anali kumgwirira ambulera iye alikuphunzitsa.

Pofuna nyumba zolimba, anatsimikiza kuti ophunzira aumbe okha njerwa. Anaumba njerwa ngati 25,000, koma ng'anjo yoyamba inalephera. Yaciwiri inalepheranso. Yacitatu inagwa pakati pa usiku, njerwa ziri pafupi kupsya. Ndarama zinatha, ndipo aphunzitsi ambiri anati tileke. Washington anatenga wochi yace, napita nayo ku mzinda wa Montgomery, naipereka cikole pa madola 15. Ndi ndarama zimenezo anamanga ng'anjo yacinai, ndipo njerwa zinapsya. Wochi ija sanaiombolenso. Koma pamene anamwalira mu 1915, sukuluyo inali ndi nyumba zoposa 100, zambiri zomangidwa ndi manja a ophunzira.

Ali yense amene anaochapo njerwa adziwa kuwawa kwace: kuponda dothi, kutema nkhuni, kucezera moto usiku. Kutaya zonsezi katatu si masewera. Koma zindikirani kuti khama si liuma. Waliuma abwereza colakwa comweco nayembekeza zina. Wakhama afunsa kuti, kodi dothi linali losayenera, kapena moto unacepa, kapena tinaunjika molakwa? Akapeza cifukwa, akonza, nayambanso.

4. Ticite ciani tsono?

Coyamba, sankhani cizolowezi cimodzi cokha. Wofuna kusintha zinthu khumi pamodzi sasintha ngakhale cimodzi.

Caciwiri, cipatseni nthawi yace ndi malo ace. Musati ndidzawerenga ndikapeza mpata, pakuti mpata sudza wokha. Nenani kuti ndiwerenga tsamba limodzi madzulo ali onse nditatha kudya.

Cacitatu, yambani ndi muyeso umene mukhoza ngakhale tsiku lotopa. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Tsamba limodzi pa tsiku likwana masamba 365 pakutha caka.

Cacinai, mukaphonya tsiku limodzi, bwererani mawa lace. Njira simera udzu cifukwa ca tsiku limodzi, koma ikasiyidwa dzinja lonse itayika.

Cacisanu, uzani mnzanu wokhulupirika cimene mwatsimikiza, kuti azikufunsani. Colembera masiku ciri m'buku lino; ikani cizindikiro pa tsiku liri lonse limene mwasunga pangano lanu, ndipo pakutha mwezi muwerenge.

Mafunso okambirana

1. N'cifukwa ciani anyamata ena anathawa kwa mai Ruffner, ndipo anataya ciani?
2. Kodi khama lisiyana bwanji ndi liuma?
3. Ndi nchito iti pakhomo panu imene munaisiya pa ng'anjo yoyamba, ndipo mudzaiyambanso tsiku liti?